Mmene ndinalembetsera Universal Credit ndili telala wodziimira ndekha ku Leicester

Ndimasoka zovala m'chipinda chimodzi cha nyumba imene ndimachita lendi ku Leicester. Makasitomala anga ambiri ndi amayi a ku Malawi, Zimbabwe ndi Nigeria, ndipo ntchito imayenda ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndimasoka za maukwati ndi zinkhoswe mpaka msana kuwawa, Disembala ndi za Khirisimasi, koma Januwale ndi Febuluwale makina amangokhala atafundidwa nsalu. Lendi ndiye safuna kudziwa kuti ndi mwezi wanji. N'chifukwa chake ndinalembetsa Universal Credit, thandizo limene boma la Britain limapereka mwezi ndi mwezi kwa anthu opeza zochepa, kaya ali pa ntchito, alibe ntchito, kapena akuchita bizinesi yawoyawo ngati ine.

Musanatsegule n'komwe tsamba la gov.uk, yang'anani chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno. Ngati pa eVisa yanu, chilolezo cha pa intaneti, palembedwa kuti simukuloledwa kulandira public funds, kutanthauza thandizo la boma ngati limeneli, imani pompo. Abale ambiri amene anabwera pa viza yosamalira okalamba ndi odwala, kapena ya sukulu, ali m'gulu limeneli, ndipo kulandira ndalamazi ndi kuphwanya malamulo a viza, zimene zingakuvutitseni pokapempha kuwonjezera nthawi. Ine ndinali nditalandira kale indefinite leave to remain, chilolezo chokhala kuno mopanda malire a nthawi, ndiye khomo linali lotseguka. Amene sakumvetsa bwino za mapepala ake afunse kaye ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu. Ali ndi gawo lotchedwa Help to Claim, ndipo salipiritsa.

Chachiwiri ndi chuma chimene muli nacho. Mukakhala ndi zoposa £16,000 simulandira kanthu, ndipo pakati pa £6,000 ndi £16,000 amakuchotserani £4.35 pamwezi pa £250 iliyonse. Apa Amalawi tiyenera kutchera khutu, chifukwa funsoli silikunena za ndalama za kubanki zokha. Nyumba kapena puloti imene simukukhalamo imawerengedwa, ngakhale ikhale ku Area 49 kapena ku Mpemba. Timanena kuti "ndi zakumudzi, sizikuwakhudza", koma fomu imafunsa za katundu wa kunja kwa dziko lino, ndipo chobisika chikadzaululika amakulamulani kubweza zonse zimene munalandira. Makina osokera, nsalu ndi zipangizo za bizinesi imene ikuyenda sizilowa m'chiwerengerochi.

Kulembetsa kwenikweni ndi kwa pa intaneti. Uyu si Mtukula Pakhomo woti a komiti akulembeni dzina, mumadzilembetsa nokha. Mumatsegula akaunti, ndipo kuchokera pamenepo muli ndi masiku 28 oti mumalize fomu. Amafuna akaunti ya kubanki, nambala ya National Insurance, pangano la lendi, ndi za ana amene mukukhala nawo. Ngati mukukhala ndi amuna anu kapena akazi anu, nonse awiri mumalembetsa, ndipo amakupatsani nambala yolumikizira maakaunti anu. Ine ndili ndekha ndi mnyamata wanga wa ku sekondale, ndiye zinali zachidule. Chofunika kudziwa n'chakuti tsiku limene mwatumiza fomu ndi limene limakhala chiyambi cha mwezi wanu wowerengera, umene iwo amati assessment period. Mukatumiza pa 12, mwezi wanu uzikhala wochokera pa 12 mpaka pa 11 wa mwezi wotsatira, mpaka kalekale. Ndalama zoyamba zimabwera pakatha pafupifupi masabata 5. Mukapanikizika mutha kupempha advance, koma imeneyo ndi ngongole. Ilibe chiwongoladzanja, komabe amaidula pa zimene mukulandira kwa miyezi yosapitirira 24. Ine ndinatenga yongokwanira lendi.

Ku Jobcentre Plus, ofesi ya boma yoona za ntchito ndi thandizoli, ndinayamba ndi zotsimikizira kuti ndine ndani komanso kuti ndikukhaladi m'dziko muno movomerezeka: pasipoti, share code (nambala yoti aonere eVisa yanga), kalata ya lendi. Zimenezo sizinachedwe. Ulendo umene uli ndi nkhani ndi wokakumana ndi work coach, mlangizi wa ku ofesiko woona za anthu amabizinesi, amene amagamula ngati ndinu gainfully self-employed. Akufuna aone ngati bizinesiyo ndi ntchito yanu yaikulu, ngati ikuyenda mwadongosolo komanso mosadukiza, ndiponso ngati mukuyembekezera phindu. Ndinanyamula nambala yanga ya msonkho ya UTR yochokera ku HMRC, bungwe lotolera misonkho, buku la maoda ndi miyeso ya makasitomala, malisiti a nsalu, ulusi ndi mazipi, mapepala a kubanki a miyezi ingapo, ndi foni yoti ndiwaonetse tsamba langa la Facebook limene ndimaikapo zithunzi za madiresi. Mayi amene anandifunsa anatenga nthawi pa buku la maoda kuposa china chilichonse, chifukwa mmenemo ndi mmene mumaoneka kuti ntchito ilipodi sabata ndi sabata.

Chigamulo chimenecho chili ndi mbali ziwiri. Akati inde, sakukakamizani kufunafuna ntchito yolembedwa, mumasiyidwa kuti muzisamala bizinesi yanu. Koma inde yemweyo amabwera ndi chinthu chotchedwa minimum income floor, mzere wa ndalama zimene boma limakuwerengerani kuti mwapeza pamwezi, chimene aliyense wodziimira yekha ayenera kuchimvetsa asanalandire ngakhale paundi imodzi.

Chimayenda chonchi. Boma limatenga maola amene likuyembekezera kuti muzigwira pasabata, amene kwa munthu wathanzi wopanda mwana wamng'ono ndi 35, n'kuchulukitsa ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka a msinkhu wanu. Kuyambira Epulo 2025 malipirowo anali £12.21 pa ola kwa azaka 21 kupita m'tsogolo, kutanthauza pafupifupi £1,850 pamwezi. Akachotsapo msonkho ndi National Insurance zongoyerekeza, zimatsala zopitirira pang'ono £1,600. Ndiye mwezi uliwonse umene phindu lanu lachepera pamenepo, iwo amawerengera ngati mwapeza ndalama imeneyo basi. Mwezi umene mwapitirira, amawerengera zenizeni zimene mwapeza.

Tiyerekeze kuti mu Febuluwale ndapindula £700, ndipo mzere wanga uli pa £1,640. Universal Credit imachepa ndi 55p pa paundi iliyonse imene mwapeza, mukadutsa gawo limene salikhudza. Gawolo, work allowance, limapatsidwa kwa amene ali ndi ana kapena amene thanzi lawo limawalepheretsa kugwira ntchito mokwanira, ndipo m'chaka choyambira Epulo 2025 linali £411 pamwezi kwa olandira thandizo la lendi ndi £684 kwa osalandira. Kusiyana kwa £700 ndi £1,640 ndi £940, ndipo 55p pa paundi iliyonse ya imeneyo ndi £517. Ndalama imeneyo sindiiona, m'mwezi womwewo umene ndikuifunitsitsa. Ndiye ifike Julayi, pamene Amalawi akukonzekera za pa 6 ndipo maukwati ali motsatizana, ndipindule £2,600. Yonseyo iwerengedwa. Mukaphatikiza miyezi iwiriyi n'kugawa pakati, ndapeza £1,650 pamwezi, chimodzimodzi ndi munthu wolembedwa ntchito m'sitolo pa malipiro otsikitsitsa, koma iye alandira thandizo lochuluka kuposa ine. Ndikumvetsa chifukwa chake lamuloli linaikidwa: boma silifuna kudyetsa munthu zaka ndi zaka pa kabizinesi kosayenda. Koma kwa ife amene ntchito imabwera ndi nyengo, kuwerengera mwezi umodziumodzi m'malo mwa chaka chonse sikuoneka chilungamo. Nthawi ya Covid-19 analiimitsa, kuyambira Malichi 2020, n'kulibwezeretsa mu Ogasiti 2021.

Chimene chimapulumutsa ndi start-up period. Kwa miyezi 12 yoyambirira mzerewu sugwira ntchito, amawerengera zimene mwapezadi, ngakhale zikhale £200. Ine ndinapatsidwa nthawi imeneyi ngakhale kuti ndinali nditasoka kale zaka zingapo, chifukwa kanali koyamba kuti andigamule chonchi. M'chakacho mumakumana ndi work coach miyezi itatu iliyonse n'kuonetsa zimene mukuchita kuti phindu likwere. Ine ndinaonetsa kuti ndayamba kufupikitsa mathalauza ndi kusintha mazipi a majekete kwa anthu a m'dera lathu, ntchito imene siyendera maukwati, ndiponso kuti ndakweza mtengo wa madiresi a operekeza akwati, umene ndinkausiya wotsika chifukwa cha manyazi ndi anthu a kutchalitchi. Simungapatsidwenso chaka china chotere pasanathe zaka 5, ndipo pamenepo iyenera kukhala bizinesi ya mtundu wina.

Ntchito ya mwezi ndi mwezi ndi kupereka malipoti. Mu akaunti mumabwera uthenga woti mulembe ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo mutha kulemba kuyambira masiku 7 mwezi wanu usanathe mpaka masiku 14 utatha. Musanalembe, ndalama sizituluka. Ngakhale mwezi umene simunasoke kalikonse, mumalemba ziro. Amawerengera tsiku limene ndalama yalowa m'manja, osati limene ntchito yagwiridwa. Mayi wa mkwati akandipatsa theka la ndalama mu Epulo pa madiresi a ukwati wa mu Juni, imeneyo ndi ya Epulo. Wina akatenga diresi n'kunena kuti "ndikuonani kumapeto kwa mwezi, asisi", sindilemba kanthu mpaka atandionadi. Za kashi nazonso zimalembedwa, ndipo ine ndimazikaika kubanki kuti buku ndi mapepala a kubanki zizigwirizana.

Pa zotuluka, amalola zimene mwagwiritsa ntchito pa bizinesi yokha: nsalu, ulusi, singano, kukonzetsa makina, inshuwalansi ya bizinesi, kutumiza katundu pa positi. Galimoto ali ndi mtengo wake woikika, 45p pa mailo iliyonse mpaka mamailo 833 pamwezi, kenako 25p. Wogwirira ntchito pakhomo amachotsa £10 akagwira maola 25 mpaka 50 pamwezi, £18 mpaka maola 100, ndi £26 akapitirira apo. Msonkho ndi National Insurance zimene mwalipira ku HMRC, komanso zimene mwaika ku penshoni, zimachotsedwa m'mwezi umene mwalipira. Apa pali kanthu kamene ndinakaona msanga: tsiku lomaliza la Self Assessment, fomu ya msonkho ya pa intaneti, ndi 31 Januwale, mwezi umene ine ndili kale pansi pa mzere, ndiye kuchotsa msonkho pamenepo sikusintha chilichonse. Ndimalemba fomu ya msonkho chilimwe cha kuno n'kulipira ndalama zikadalipo, ndipo makina a ovaloko ndinagulanso nthawi ngati yomweyo. Ndalama zotumiza kwa amayi ku Ntcheu, za chipereganyu, kapena zopereka pa maliro, zimenezo ndi zanu, si za bizinesi, musazilembe.

Popeza ndatchula maliro: mukapita kunja kwa dziko, Universal Credit imapitirira mpaka mwezi umodzi, bola muwauze musananyamuke kudzera mu journal, malo olemberana mauthenga mu akaunti yanu. Ngati wachibale wapafupi wamwalira, atha kuwonjezera mwezi wina. Mukakhalitsa kupitirira apo, zonse zimatsekedwa ndipo mumadzayambanso pachiyambi. Ine chilichonse ndimalemba mu journal, ngakhale chimene takambirana pamaso, chifukwa cholembedwa chimakhala ndi tsiku lake. Mukaona kuti chigamulo china chalakwika, muli ndi mwezi umodzi wopempha kuti achionenso, imene amati mandatory reconsideration, ndipo mukapanda kukhutira mumapita ku tribunal, bwalo lomva madandaulo otere.

Universal Credit siphatikiza zonse. Kuchepetseredwa Council Tax, msonkho wa nyumba, mumakapempha padera ku khonsolo ya mzinda wanu, Child Benefit, ndalama ya ana, ndi ya ku HMRC, ndipo Working Tax Credit imene akuluakulu ena amaikumbukabe inatha pa 5 Epulo 2025. Masamba a Turn2us ndi entitledto ali ndi mowerengera mwaulere, ndipo ndi bwino kuwerengera kawiri: kamodzi ndi phindu lanu lenileni, kenako ndi ndalama ya mzere uja, kuti muoneretu kuti mwezi wa 13 udzakhala wotani. Ngati muli ndi mwana wamng'ono, mukusamalira wodwala, kapena thanzi lanu silili bwino, nenani msanga, chifukwa maola 35 aja amatha kuchepetsedwa, ndipo kwa ena mzerewo suikidwa n'komwe.

Chaka changa chitatsala pang'ono kutha ndinakhala pansi ndi buku la maoda. Miyezi ya maukwati ndi Disembala ndinali pamwamba pa mzere, ina ndinali pafupi, koma ya kumayambiriro kwa chaka ndinali kutali. Malipiro a ntchito yolembedwa amaphatikizidwa ndi phindu la bizinesi poyerekeza ndi mzerewo, ndiye ndinapeza ganyu ya masiku awiri pasabata pa shopu ina yochapa zovala, komwe ndimafupikitsa ndi kukonza zong'ambika. Malipiro a kumeneko amafika okha ku Universal Credit kudzera ku HMRC, ine ndimangolemba za makina anga. Mu Febuluwale ndimatsalirabe pang'ono, koma lendi imakwana, ndipo ndinagwirizana ndi eni shopu kuti kuyambira Meyi ndizipitako tsiku limodzi lokha.