Wosalakwa safuna loya, akutero amalume

Ndagona, ndadzuka, ndamwa madzi, tulo osabwera ndithu. Ndiye bola ndingolemba.

Madzulo ano kunabwera amayi a nyumba yoyandikana nafe, maso ali psuu. Mnyamata wawo ali m'chitokosi kuyambira Lolemba, akuti anaba foni pamsika, ndipo lero ndi Lachinayi. Ine ndinati amayi, malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 aja, pa gawo 42, amati munthu akamangidwa azikaonekera kukhothi pasanathe maola 48, komanso ali ndi ufulu woonana ndi loya, ndipo ngati chilungamo chikufuna kutero boma limulipirire loyayo. Ndinawauza kuti mawa alawirire ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Apo amalume ali pakhonde ndi wailesi yawo, osatembenuka n'komwe, angoti, "Iwe mphwanga, wosalakwa safuna loya. Maloya ndi a mbava zikuluzikulu."

Eee mawu amenewo andilasa mpaka pano.

Chifukwa taganizani, mwanayo sukulu analekezera sitandade 7. Akaima m'khothi muja, mbali inayo kuli wapolisi woimira boma pa milandu amene ntchito yake ndi yomweyo tsiku ndi tsiku, zambiri zikuyankhulidwa m'Chingerezi iye akungodalira womasulira, kenako a majisitireti afunse kuti ukuvomera kapena ukukana, iye mantha ali tho, mwina wina m'chitokosi anamunong'oneza kuti ungovomera zithe msanga, basi wavomera chinthu choti mwina sanachite. Adziwa bwanji kuti atha kukhala chete osayankha? Kuti belo ya kupolisi ndi yaulere? Kuti mboni atha kuifunsa mafunso? Ndi wosalakwa yemweyo amene loya akumufunikira kwambiri, mbava yozolowera njira zonse imazidziwa kale. Ndipo akangopita pa rimandi, miyezi imatha munthu asanaweruzidwe, ganyu yake yapita, dzina laipa kale m'dera.

Zonsezi sindinawayankhe amalume. Ndi akulu, komanso panali mlendo akulira. Ndinangolowa m'nyumba kukatenga madzi, ndipo chikundiwawa n'chakuti ndinakhala chete pomwe amayi aja amamvetsera.

Potuluka pageti anandigwira dzanja, "Mwanangu, nanga loyayo akafuna zingati?" Ndinati amayamba aona kaye kapezedwe ka munthu, inu mungopita. Anangogwedeza mutu, sindikudziwa ngati anandikhulupirira ine kapena amalume.

Mawa ndikawagogodera 6 koloko, tipitire limodzi. Ngati sanasinthe maganizo usiku uno.