Nyimbo ya agogo a ku Dzivarasekwa

Ntchito yanga ndi yosamutsa mawu. Munthu amabwera ndi kaseti ya ukwati wa makolo ake, kapena ya kwaya ya kumpingo yomwe anajambula kalekale, ine nkuilumikiza pomwe inaduka, kuipukuta, kenako kuiika mu fulashi kapena pa memory card kuti azimvera pafoni. Kashopu kanga kali kufupi ndi renki ya Copacabana kuno ku Harare. Muli tebulo limodzi, kompyuta, madeki awiri a makaseti, ndi makina oimbira mbale omwe anandisiyira malemu bambo anga. Iwo anachokera ku Ntcheu, ine ndinabadwira ku Mufakose, ndiye akwathu ambiri amandidziwa. Akalowa, Chishona timachisiya pakhomo nkuyamba chathu.

Lolemba m'mawa kunalowa mtsikana atagwira agogo ake padzanja. M'manja analibe kaseti, analibe mbale. Atakhala pansi nkupatsana moni, mtsikanayo anati Loweruka akuvundukula chiliza cha agogo ake aamuna ku manda a Warren Hills, ndipo agogo aakaziwa akufuna nyimbo ina yake idzalire pakhomo anthu akamadzadya. Dzina la nyimboyo sakulidziwa, woimba sakumudziwa. Anangoimva pa wailesi ali mtsikana.

"Tandiimbireni pang'ono, agogo," ndinatero, nditayatsa chojambulira cha pafoni.

Anayamba akonza kaye mpango wawo. Kenako ndi mawu aang'ono onjenjemera anaimba kuti, "Ndikaoloka Linthipe, usalire mama." Kwinako ankangoimba ndi mphuno, milomo ili chitsekere, chala chikugogoda pa bondo. Kugogodako ndinakumvetsera kuposa mawu, chifukwa munthu amaiwala mawu koma chala sichiiwala kagundidwe ka gitala.

Mdzukuluyo anali atayesa kale Shazam, pulogalamu ya pafoni yozindikira nyimbo, kunyumba ndipo anali wokhumudwa nayo. Ndinamuuza kuti Shazam imangoyerekeza zomwe yamva ndi nyimbo yeniyeni yojambulidwa yomwe ili kale m'nkhokwe yake, ndiye mawu a agogo sangagwirizane ndi chilichonse. Google ili nayo njira yofufuzira nyimbo poimba ndi mphuno, inayamba mu 2020, koma nayonso imapeza zokhazo zomwe wina anaziikamo. Nyimbo za makolo athu amene ankagwira ntchito m'mayadi ndi m'mafamu, ndani anakaziikamo?

Pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi ndaphunzira kuti nkhalamba suifunsa za nyimbo, umaifunsa za nyumba yomwe inamveramo nyimboyo. Ndiye ndinati, "Nanga munkakhala kuti nthawi imeneyo?" Anati kumayadi ku Avondale, m'kanyumba ka kuseri, amuna awo ali khukhi wa mzungu. "Wailesiyo inali yotani?" Apa nkhope yawo inawala. "Inali ngati poto wophikira, mwanangu, yabuluu, kutsogolo kuli ngati kasefa. Batire lake linali lalikulu ngati njerwa, wailesi inkakhala pamwamba pake." Anatinso mwana wawo woyamba anali kumsana. Mdzukulu anawerengera nati amalume akewo anabadwa mu 1957.

Pamenepo ndinadziwa poyambira. Wailesi imeneyo ndi Saucepan Special, yomwe kampani ya Ever Ready inatulutsa mu 1949 nkumaigulitsa mapaundi 5, batire lake padera. Anthu ankaigula kuti azimvera Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsira anthu akuda a maiko onse atatu omwe anadzapanga Federation, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. MBC ya kwathu inayamba mu 1964, mwana wa kumsana uja atafika kale msinkhu wa sukulu. Choncho nyimboyi inkachokera ku Lusaka, ndipo ngati inatuluka pa mbale, ndi mbale zija zolemera zoswekasweka za 78, zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi.

Lachiwiri masana onse ndinali pa makaseti a maulaliki omwe abusa ena anasiya sabata yatha. Madzulo nditatseka chitseko ndi pomwe ndinayamba kusaka. Woyamba kumuganizira anali Alick Nkhata, chifukwa ankagwira ntchito pa wailesi ya ku Lusaka yomweyo ndipo ankaimba ndi gitala m'Chinyanja ndi m'Chibemba. Ndinamvera zake zonse zomwe ndinapeza pa YouTube mpaka data inandithera. Palibe. Ndinagula ina nkutembenukira ku zomwe Hugh Tracey anajambula poyendayenda m'maiko muno m'zaka za m'ma 1950, zomwe zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku Makhanda. Ndinalemba Linthipe m'kalembedwe kalikonse komwe mzungu akanalemba, Lintipe, Linthipi, koma osaphula kanthu. Ndisanagone ndinatumiza mawu a agogo aja m'magulu a pa WhatsApp, la sosaite yathu ya maliro ndi la amvano a CCAP kudzera mwa mayi a kunyumba.

Lachitatu magetsi kunalibe kuyambira m'bandakucha, ndiye ndinakhala pakhomo la shopu nkumakulunga makaseti ndi bolopeni. Mayankho ankabwera ambirimbiri. Wina anati ndi nyimbo ya chimtali, wina anati ndi ya sungura ya m'ma 1980, wina ananditumizira nyimbo ya kutchalitchi. Aliyense anali wotsimikiza. Cha m'ma 4 koloko mayi wina wa ku Tafara analemba kuti, "Achimwene, bambo anga amva. Akuti nyimboyo akuidziwa koma mtsinjewo si umenewo. Akuti mubwere."

Lachinayi shopu sindinatsegule. Ndinakwera kombi pa Fourth Street wa ku Tafara. Amene sadziwa Harare sangamvetse chifukwa chake mtima wanga unali kale m'malo: Mabvuku ndi Tafara ndi komwe kunakhazikika machona ambiri amene ankagwira ntchito m'nyumba za azungu za mbali ya kum'mawa, ndipo mpaka lero gule wamkulu amatuluka kumeneko. Chinthu chakale cha kwathu chikasowa kwina konse, kumeneko chimapezeka.

Madalawo ndinawapeza atakhala pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mapeyala. Anali telala pa nthawi yawo, ndipo ankaimbako banjo m'maukwati. Sanafulumire. Anandifunsa kaye kwathu, mfumu yathu, mfunda wa bambo anga. Atakhutira anati ndiwaikirenso mawu aja. Anamvera kawiri, maso ali chitsinzire, phazi likugunda pansi ndendende ngati chala cha agogo chija. Kenako anaitana mwana wawo kuti akoke thiranki kunsi kwa bedi.

Munali mbale zoposa makumi anayi, iliyonse yokulungidwa m'nyuzi yofiirira, zonse pamodzi zitakutidwa ndi chitenje. Fungo la nkhungu linadzaza chipinda. Zambiri mapepala ake apakati anadyedwa ndi chinyezi ndi mphemvu, moti dzina la woimba silinkaoneka. Madala sankawerenga nkomwe. Ankangosisita m'mphepete ndi chala chachikulu, nkuika pambali, kutenga ina. Pa ina anaima. Inali yobenthuka pang'ono m'mphepete, ndi mng'alu woonda ngati tsitsi wolowera mkati. "Iyi. Anaigwetsa mlamu wanga pa Khirisimasi, Federation isanathe."

Ndinapempha kuti ndipite nayo, ndibweza mawa. Anapukusa mutu. "Mwana wanga, mbale iyi yakhala nane zaka zambiri kuposa iwe. Ikapita kutauni, ipita ndi ine." Sindinawatsutse, ndipo ndikuona kuti ankanena zoona. Ndaonapo ndi maso anga ana akutaya mbale zotere kudzala tsiku lotsatira maliro, poyeretsa m'nyumba, osadziwa kuti mwina ndi yokhayo yomwe inatsala padziko lonse. Chinthu chimenechi chimandiwawa kwambiri.

Lachisanu anafika 9 koloko atavala jekete ndi tayi, mbale ili pamiyendo mkati mwa thaulo. Mbale za 78 ndi za shellac, si pulasitiki ngati zija za 45 ndi 33, ndipo ukazipukuta ndi spirit zimasungunuka. Ndinatenga madzi ofunda pang'ono, kadontho kamodzi ka sopo wotsukira ziwiya, ndi kaburashi kofewa, nkumatsuka motsatira mizere, osalola madzi kufika pa kapepala kotsalako. Madziwo anada bii. Titaiumitsa pamthunzi ndinasintha singano, chifukwa mizere ya 78 ndi yotakata, ndipo singano yowonda ya mbale zatsopano imangokwekwereza pansi pa mzere nkumatola phokoso lokhalokha. Makina a bambo anga amazungulira pa 33 ndi 45 basi, ndiye ndinajambula pa 45. Mawu ankatuluka olemera ngati munthu woledzera, madala mpaka anadzidzimuka. Mu pulogalamu ya pakompyuta ya Audacity ndinakweza liwiro kufika pa 78, gitala nkudzuka, munthu nkuyamba kuimba ngati wangolowa m'chipindamo.

Mng'alu uja unkalira kuti "tha" pa kuzungulira kulikonse. Nyimbo ya mphindi zitatu pa 78 ndiye kuti ma "tha" oposa 200. Ndinawachotsa limodzilimodzi ndi dzanja, ntchito ya maola atatu. Pali batani lochotsa phokoso lonse kamodzi, koma ukalikanikiza kwambiri limadya ndi gitala yemwe, mawu nkumamveka ngati akuchokera m'chitini. Kaphokoso ka "shii" ndinakasiya dala, chifukwa agogo ankamva nyimboyi pa shortwave, ndipo yoyera mbee akanaikana.

Agogo anafika cha kumadzulo. Ndinawapatsa mpando wanga, madala ali pa benchi, mdzukulu ataima pakhomo. Gitala itangoyamba, chala chija chinayamba kugogoda pa bondo. Anagwedeza mutu, milomo ikukonzeka. Woimba anati, "Ndikaoloka Luangwa, usalire mama."

"Ayi!" anatero agogo. "Walakwitsa ameneyu. Ndi Linthipe."

Ndinaimitsa. Madala anatsokomola pang'ono nati mwaulemu, "Mayi, mnyamata ankaimbayu anali wa cha ku Fort Jameson, kumene pano akuti Chipata. Popita ku Lusaka kukafuna ntchito, mtsinje wake woti aoloke ndi Luangwa. Kodi bambo a kunyumba kwawo kunali kuti?"

"Ku Dedza," anayankha agogo. "Mudzi wawo uli m'mbali mwa Linthipe."

M'shopu munangoti zii. Kunja mahwindi oitanira anthu m'makombi ankakuwa za Kuwadzana ndi Warren Park. Agogo anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati chapansipansi, "Ndiye kuti ankaimba mokweza kuposa wailesi. Ikangoyamba, iwo ankaimirira, nkumaimba akusita yunifolomu. Ine mawu a mwini wakeyu sindinawamvepo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ibwezereni, mwanangu."

Ndinaibwereza kanayi. Mdzukulu anandinong'oneza kuti kodi sindingadule liwu la Luangwa nkuikapo Linthipe. Kutheka kumatheka, koma ndinamuuza kuti afunse eni ake. Agogo anakana. Anati mnyamatayo asiyidwe ndi mtsinje wake, Linthipe adzaimba okha.

Loweruka ndinanyamula sipika kupita ku Dzivarasekwa. Anthu atabwerako kumanda, nsima ili m'mbale, ndinaika nyimbo ija. Agogo anaimirira atagwira ndodo, ndipo pofika pa mtsinje anakweza mawu kuposa sipika. Ulendo wachiwiri ana awo ndi adzukulu analowa nawo, ena Chichewa chawo chopindikira ku Chishona, onse akuti Linthipe. Madala a ku Tafara anali pa mpando wa kutsogolo pakati pa akuluakulu, atavala tayi yomwe ija.

Pondiperekeza ku geti anandigwira mkono. "M'thiranki muja mwatsala zambiri. Ubwere ndi makina akowo kunyumba, tizikaziona imodziimodzi ine ndikadali ndi maso." Ndawauza kuti ndifika Lolemba m'mawa. Makaseti a abusa aja adikira kaye.