Lachinayi, tsiku lomwe besi yanga inakwera kudenga

Lero ndadzuka cha m'ma 4, osati kufuna ayi, chiperoni cha kuno ku Bangwe sichigonetsa munthu wa bulangete limodzi, ndiye ndinangoti bola ndiyatse laputopu magetsi akadalipo. Ine sindiona, zonse za pa kompyuta amandiwerengera ndi NVDA, pulogalamu yaulere ija anayambitsa anyamata awiri osaonanso a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, mu 2006. Imayankhula mothamanga moti mayi a kunyumba amati ndikumvera achule a kudambo.

Ntchito inali kulemba nyimbo yomwe ndapekera kwaya yathu. Zaka zonsezi ndimaphunzitsa pakamwa, ndiimbe sopulano iwo atsatire, kenako aluto, tena, besi, ndipo zimayenda bwinobwino, koma mnyamata watsopano wa pa kiyibodiyu amawerenga manoti a pa mizere isanu aja ndiye wati akufuna pepala. Chabwino. MuseScore, pulogalamu yolembera manoti a nyimbo, ndi yaulere, zinazo ngati Lime Aloud ya kampani ya Dancing Dots anazipangira ife osaona ndithu koma ndi za madola, ine madola ndiwaone kuti.

Dzulo usiku ndinathera bandulo kuwerenga buku la malangizo la MuseScore, ndipo sindinama, analemba zomveka, mpaka muli gawo la ife ogwiritsa ntchito NVDA. Udine N kuti uyambe kulemba, kenako nambala ya kutalika kwa noti, 5 ndi biti imodzi, 6 ziwiri, 7 zinayi, 4 theka, 0 ndi popumira, ukatero udine chilembo cha notiyo, A mpaka G. Pongowerenga zimaoneka zophweka. Vuto ndi mutu wangawu. Ine ndinakulira solofa, ndipo do timangolemba d. Ku sukulu anatiphunzitsa Braille ya nyimbo, imene Louis Braille mwini wake anakonza poti analinso woimba limba, ndipo mmenemo madontho a chilembo d amaimira noti ya C. Tsono nyimbo yangayi ili mu F, ndiye ndikadina D pa laputopu akutuluka ndi la. Chilembo chimodzi matanthauzo atatu, m'mawa kukuzizira tiyi usanamwe, abale inu.

Komabe sopulano ndi aluto zinatheka. Besi ndi imene inandionetsa zakuda. Nditamaliza ndinadina sipesi kuti ndimvere, poyamba bho, koma pofika pakati besi ija yayamba kukwera, kukwera, mpaka yawadutsa a aluto, ikulira ngati kamwana ka Sande sukulu. Komanso pa bala 9, bala ndiye kachigawo ka nyimbo ka mabiti owerengeka, noti imodzi yasowa, ndikukumbukira bwinobwino kuti ndinailemba. Ndinabwerera ku buku lija, kusakasaka pafupifupi ola lathunthu, koma ufufuza mawu ati pamene dzina la vuto lako sukulidziwa? Sungalembe kuti besi yapenga. Ndili mkati mosakamo magetsi thii, ndipo batire ya laputopu yanga ndi ya mphindi 20 ikakhala yakondwa.

Ndinatenga foni nkujambula mawu pa gulu lathu la WhatsApp la osaona okonda zoimba, ndinaikamonso kachidutswa ka besi yopengayo kuti amve okha. Sipanathe nthawi, aphunzitsi ena achikulire a ku Kasungu anayankha, kuyamba ndi kuseka kaye mpaka kutsokomola. Akuti achimwene, chimenecho chinandisowetsa tulo sabata yathunthu ine. Pulogalamuyi ukadina chilembo imasankha noti yoyandikana kwambiri ndi imene wangolemba kumene. Tsono besi imakonda kudumpha kuchoka pa so kugwera pa do wa pansi, koma do wapafupi ndi wa m'mwamba, ndiye imakuikira wa m'mwambayo, ndipo manoti onse otsatira amalondola pomwepo, ukabwereza kudumphako yakweranso ina. Mankhwala ake Ctrl ndi muvi wolozera pansi kuti notiyo itsike, nthawi yomweyo usanapitirire. Anandidzudzulanso pang'ono, akuti inu mumathamanga, NVDA imatchula nambala pambuyo pa chilembo, F2 kapena F3, yosonyeza ngati noti ili pansi kapena m'mwamba, koma mumaidula pakamwa isanamalize. Zoona zake ndi zomwezo, ndinangoti pepani aphunzitsi.

Za noti yosowayo anafotokoza mwa njira yoti sindidzaiwala. Akuti musaiyese Word imene mukaonjezera mawu enawo amasunthira kutsogolo. Bala ili ngati mpando wa anthu anayi, ndipo kondakitala wake ndi wokhwima, osati a ku Limbe opanikiza anthu, wina akanenepa woyandikana naye amatsitsidwa basi. Ine ndinatalikitsa noti ina kuchoka pa biti imodzi kufika ziwiri, ndiye inameza inzake. Woona amazindikira pompo poti kadontho kazimiririka pamaso pake, ife timadzamva mochedwa nyimbo ikulira.

Chimene chinandikhudza nchakuti magetsi atabwera cha m'ma 2 ndinakayang'ananso m'buku muja, zonse ziwiri zilimo. Zinalembedwa ndithu, ndipo dzulo ndinazidutsa. Kungoti mmenemo ndi kachiganizo kamodzi pakati pa ziganizo zambirimbiri, NVDA imaziwerenga zonse ndi liwu limodzimodzi, palibe pamene imakweza mawu kuti apa samala, apa ugwa. Aphunzitsi aja anadziwa pokwezera mawu chifukwa dzenje lake anagweramo okha.

Madzulo ndinalowa ku mawu a nyimbo. Ctrl ndi L, ulembe kachigawo ka liwu, kamzere kapakati kakupititse pa noti yotsatira, sipesi ikayambitse liwu lina. Apa ndiye kuseka, liwu la Chingerezi likamawerenga Chichewa chodulidwadulidwa ngati mu, lu, ngu, umangomva ngati mzungu akutsamwa ndi mbatata, sungadziwe ngati walemba bwino. Chemwali wina wa ku Chipata pagulu pomwepo ndi amene anandipatsa nzeru, akuti sinthani mupite ku eSpeak, pulogalamu ya mawu yomwe imabwera ndi NVDA, musankhe liwu la Chiswahili, silokoma m'khutu koma a, e, i, o, u limatchula ngati ife. Ndayesa, eeh, zasintha zinthu, ngakhale ng' amalivutabe.

Aphunzitsi aja anatchulanso kuti kuyambira mu 2023 MuseScore ili ndi kagawo koonetsa bala yomwe ulipo mu Braille, ntchito imene anathandizira a Sao Mai, bungwe la osaona la ku Vietnam, ndipo akuti utha kulemba ndi mabatani asanu ndi limodzi, S D F ndi J K L, ngati pa makina olembera Braille aja a Perkins. Zimenezo sindinaziyambe, mutu unali utadzadza kale.

Mdzukulu wanga atabwera ku sukulu ndinamuitana kuti iwe tabwera undionere tsambali. Anayang'ana nkuti agogo, manoti ali bwino koma mutu wa nyimbo mulibe, palembedwa zachingerezi zomwe zinabwera ndi pulogalamu, komanso mzere womaliza wagwera wokha pa tsamba lachiwiri. Zimenezo khutu silikanandiuza. Wakonza yekha ndi mausi mphindi ziwiri, nkundilipiritsa ndalama ya mandasi.

Tena sindinaigwire nkomwe, ndipo pulakatisi ndi Loweruka 2 koloko. Mawa ndidzukanso 4 ngati magetsi alola, kenako ndipite ku Limbe kukapulintitsa. Panopa nsima yafika patebulo, ndipo mayi a kunyumba anena kale kawiri kuti ndichotse mahedifoni.