Thangata si nkhani yopeka

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo. Ndinamaliza kuwerenga komaliza buku la masamu la Sitandade 6, magetsi anazima kawiri, ndipo ndalama ya bandulo imene ofesi imayenera kutumiza kumayambiriro kwa mwezi sinafikebe. Anzanga okonza mabuku amene mumagwirira ntchito kunyumba, ngati ine kuno ku Luchenza, izi mukuzidziwa.

Lachitatu m'mawa ananditumizira buku la achinyamata la masamba 180, ati ndilisalaze pofika Lachisanu chifukwa osindikiza analipiridwa kale. Wolemba ndi mtsikana wa ku Mulanje, ndipo ili ndi buku lake loyamba. M'bukumu, mtsikana wa Fomu 3 apita ndi anzake ku Dziwe la Nkhalamba, ku Likhubula, n'kukumana ndi mnyamata amene ena onse sakumuona. Ndi mzimu wa mnyamata amene anafa mu 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe, ndipo awiriwa agwa m'chikondi. Kulemba mwanayu amatha. Pamene mnyamata uja akumusiyira nthochi zakupsa pamwala, n'kumuchenjeza kuti adye yekha osaitana mnzake, thupi langa linachita tsemwe, chifukwa ndi mmene akuluakulu amanenera za chakudya cha mizimu ya m'phirimo. Za mzimuwo ndilibe nazo mlandu. Kaya uyende pamwamba pa madzi, kaya ukwere Sapitwa usiku umodzi, ndi ufulu wa wolemba.

Vuto linayamba mzimuwo utayamba kufotokoza za moyo wake. Ukuti unkalipira msonkho ndi makwacha, chonsecho kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, kale kunali mapaundi, mashereni ndi makobiri. Ukuti "dziko lathu la Malawi", pamene nthawi imeneyo linali Nyasaland. Ukuti nkhondo inayambira m'minda ya tiyi ya ku Mulanje n'kutha chaka chonse. Zoona zake n'zakuti inayambira ku Mbombwe, ku Chiradzulu, usiku wa 23 Januwale 1915, William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce, anaphedwera ku Magomero, ndipo pofika 3 Febuluwale Chilembwe anali ataphedwa. Izi ndinakonza tsiku lomwelo.

Mutu 9 ndi umene unandilanda tulo. Mnyamata uja akuuza wokondedwa wake kuti thangata inali nthawi yabwino, anthu ankapita okha kukathandiza mzungu m'munda akuimba, madzulo n'kulandira mphatso. Ndinaona pamene mwanayu anapunthwira: anatenga tanthauzo lakale la mawuwo, kuthangatana pa ntchito, osadziwa chimene eni maesiteti anawasandutsa. Agogo anga aakazi anali Mlomwe, makolo awo anachokera ku Mozambique n'kukhala pa malo a mzungu kuno ku Thyolo. Thangata amene ankatiuza ife anali wogwira ntchito yolipirira malo okhala, ndipo ankakufuna nthawi ya mvula, pamene chimanga chako chikufunika kupalira. Mwezi unkatha pamene kapitawo wanena kuti watha. Wokana ankathamangitsidwa pamalopo. Agogowo akafika pamenepa ankasiya kusenda chinangwa, mpeni uli m'manja, n'kungoyang'ana pansi. Ndi nkhanza zimenezi, pamodzi ndi kutenthedwa kwa matchalitchi pa malo a A. L. Bruce, zimene zinakwiyitsa anthu a Chilembwe. Ndiye mnyamata amene ankasangalala ndi thangata anakafera chiyani?

Lachinayi ndinaimbira bwana, kupempha masabata awiri ndi kandalama koti mphunzitsi wa mbiri awerenge bukulo, kapena koti wolembayo afike ku National Archives ku Zomba.

"Mayi, musavutike nazo," anatero. "Ili ndi buku la mizimu ndi zachikondi. Ana akufuna adziwe ngati awiriwa adzakwatirane. Konzani zilembo basi."

Ndinati, "Bwana, pepani, koma mwana wa Fomu 3 adzaloweza zimene wanena mnyamata amene wamukonda m'bukumu kuposa notsi za m'kalasi. Adzakalemba zomwezo pa MSCE, ndipo ena mwa ana amenewa agogo awo anagwira thangata."

Anayankha kuti bajeti palibe. Ya chikuto chonyezimira inapezeka, ya phwando lokhazikitsira buku inapezeka, koma ya munthu mmodzi wofufuza mbiri palibe. Zaka 11 ndagwira ntchitoyi, ndipo nthawi zonse chimene chimayamba kudulidwa ndi chimenechi.

Madzulo ndinaimbira wolembayo ndi mayunitsi anga. Ndinkaopa kuti akhumudwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Amayi, ine kusukulu anangotiphunzitsa madeti. Agogo anga aamuna alipo ku Chisitu, koma sindinawafunsepo." Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, mawa ulawire kumeneko, utenge kope, ndipo usawafulumizitse." Ndinamuuzanso kuti awafunse mawu angapo a Chilomwe, chifukwa mnyamata wakeyo anamulemba kuti ndi Mlomwe koma m'buku lonse sakutchula ngakhale liwu limodzi la kwawo.

Lachisanu ndinatumiza ku ofesi mitu yonse kupatula 9, ndi kalata yoti dzina langa lisalembedwe pa bukulo ngati mutuwo upite mmene ulili. Sanandiyankhe mpaka pano. Loweruka usiku wolemba uja ananditumizira pa WhatsApp zithunzi za masamba anayi olemba pamanja. Mzimu uja tsopano ukufotokoza za chaka chimene munda wa amayi ake unamera thengo iwo ali kwa mzungu, ndipo mtsikana wa Fomu 3 akufuna kuugwira dzanja koma dzanja lake likungodutsa. Ndawataipa lero m'mawa magetsi asanazime, ndipo mawa ndiwatumiza kwa bwana.