Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Graskop, tauni ya nkhungu ndi mathithi

M'gawo lapitali tinasiyira ku Johannesburg. Lero tikwera mapiri mpaka ku Graskop, katauni ka m'chigawo cha Mpumalanga komwe kali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400, m'mphepete mwenimweni mwa phompho la mapiri a Drakensberg. Malo amenewa ndinawakonda kwambiri, ndiye ndikufuna wopitako asakaononge ndalama zake pachabe.

Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 400. Mumatenga msewu wa N12 womwe umakalowa mu N4 ku eMalahleni, kenako mumapatukira ku Dullstroom ndi Lydenburg. Kuchokera pamenepo R37 imadutsa pa Long Tom Pass, pamwamba popitirira mamita 2,000, n'kutsetserekera ku Sabie. Potsika apa ikani giya 2 kapena 3 kuti injini izigwira galimoto. Mukamangoponda mabuleki mtunda wonsewo amatentha, mafuta ake amawira, ndipo phazi limangolowa galimoto osaima. Muli malole onyamula zipika za paini komanso maenje, choncho usiku musayendemo.

Pakati pa Sabie ndi Graskop, mumsewu wa R532, pali mathithi a Mac Mac, otalika mamita 65. Kale madzi ankagwa malo amodzi, koma okumba golide omwe anakhamukira kuno m'zaka za m'ma 1870 anaphulitsa mwala pofuna kupatutsa mtsinje, mathithi n'kugawika pawiri. Kumpoto kwa tauni kuli Lisbon Falls, mamita 94, ndi Berlin Falls, mamita 80, komwe madzi amayamba apanikizika mumpata wopapatiza, kenako n'kutambasuka asanagwere m'dziwe lobiriwira.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi nkhungu. Mpweya wotentha wachinyezi wochokera kuchigwa cha Lowveld ukagunda phompho umakwera, n'kuzizira, n'kusanduka mtambo womwe umakhala pamalo pomwe mwaima. Pa God's Window, malo oonerapo chigwa pomwe thanthwe limatsika mamita pafupifupi 700, mutha kulipira pachipata, kukwera masitepe amiyala, koma osaona ngakhale mtengo womwe uli patsogolo panu. Nkhunguyo imanyowetsa malaya ndi magalasi mvula isanagwe n'komwe. Ndiye tsiku lanu likonzeni chonchi: mukadzuka yang'anani kum'mawa. Kukakhala koyera, thamangirani msewu wa R534 womwe umadutsa pamalo oonerapo chigwa a The Pinnacle, God's Window ndi Wonder View, mathithi mudzawaone masana. Kukaphimba, yambani ndi mathithi, chifukwa mumawaonera pafupi, kapena pitani ku Bourke's Luck Potholes, maenje omwe madzi anakumba m'miyala, makilomita pafupifupi 35 kumpoto, pomwe mitsinje ya Treur ndi Blyde imakumana. Kumeneko n'kotsika ndipo nthawi zambiri kumakhala kowala.

Nyengo nayo muyenera kusankha. Kuyambira Novembala mpaka Malichi madzi amakhala ochuluka, mkokomo wake mumaumva muli pamalo oimika galimoto, koma nkhungu ndiye mwini malo. Juni ndi Julayi thambo limayera, madzi amachepa, ndipo m'mawa kumazizira koopsa. Ine ndimati Epulo ndi Meyi ndiye abwino: mitsinje ikadali ndi madzi, mitambo itayamba kuchepa.

Pafupifupi malo aliwonse ali ndi chipata chake cholipirira, ndipo zambiri zimatsekedwa cha m'ma 5 koloko madzulo. Tengani marandi ena m'thumba, osadalira khadi yokha. Valani nsapato zogwira pansi, chifukwa miyala yonyowa ya pamwamba pa mathithi imaterera ngati therere, ndipo musadumphe mpanda kuti mujambule chithunzi. Amene miyendo imawavuta apite ku Graskop Gorge, komwe chikepe chagalasi chomwe chinatsegulidwa mu 2017 chimatsika mamita 51 mpaka m'nkhalango ya pansi. Kumeneko mumayenda pamilatho yamatabwa, mathithi mukuwaonera m'munsi.

Gawo likubwerali tipita ku Pilgrim's Rest, mudzi wa okumba golide womwe unayamba mu 1873.