Themomita yopita nayo ku Kilimanjaro: zotsatira za sabata ino

Pa mathemomita anayi omwe ndinayamba nawo mwezi watha, atsala awiri. Ina ndaichotsa chifukwa chonama, inayo chifukwa ndikuiopa.

Kope langa lolembamo kuzizira ndinaliyamba zaka zitatu zapitazo kuno ku Katoto mu Mzuzu, m'mawa uliwonse 5 koloko, ndisanaike n'komwe madzi a tiyi pamoto. Kenako ndinayamba kupita nalo ku Nyika m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Chaka chamawa, Mulungu akalola, ndikufuna kukalemba tsamba limodzi pamwamba pa Kilimanjaro, ulendo wapansi kudzera ku Karonga, Songwe ndi Mbeya mpaka ku Moshi. Nsonga ya Uhuru, pamwamba penipeni pa phirilo, ili pa mamita 5,895, pomwe Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse omwe wakwera, ndiye kusiyana kwake kukufika madigiri 30. Tsiku lomwe kope langa likuti 8 kuno, kumeneko kungakhale cha m'ma -22. Komanso chigawo chomaliza anthu amayamba kuchikwera pakati pa usiku.

Chomwe chinandiyambitsa kufufuza konseku ndi cha ku Chelinda, ku Nyika, mu Julayi wathayu. Ndinadzuka kusanache, udzu wonse utayera mbee ndi chisanu, tenti itauma gwa ngati chikumba. Ndiye m'mawa womwe ndinkaudikira chaka chonse. Nditawalitsa tochi pa kathemomita kanga ka batire, manambala anali ozilala, akusintha mwaulesi, kenako anazimiratu. Ndinakaika m'thumba la jekete, patapita mphindi zingapo kanadzuka, koma n'kumandiuza 19, kutentha kwa m'thumba mwanga. Tsamba la tsiku limenelo lili ndi deti yokha. Mpaka lero ndikalitsegula mtima umandiwawa.

Choncho ndinati chilichonse chokwera nane phiri chiyambe chalemba mayeso.

Mayeso oyamba ndi osavuta, aliyense angachite. Ndinaphwanya ayezi mumtondo, n'kudzaza kapu, n'kuthiramo madzi pang'ono ongokwanira kutseka mipata, n'kutakasa. Madzi otere amakhala pa 0, bola ayezi akhale wambiri. Kathemomita kozungulira ka singano, kaja kokolowekera pa zipi, kanati 3. Ndinakapatsanso mphindi khumi, kanakakamirabe pa 3. Mkati mwake muli kachitsulo kopota ka mitundu iwiri ya zitsulo komwe kamapindika kukazizira, ndipo n'kolimba ndithu, ngakhale kugwa pamwala sikasweka. Koma madigiri atatu ndi ambiri kwa munthu wofuna kudziwa ngati madzi aundana kapena ayi. Kanatsikira pomwepo.

Ya mercury ndiyo inakhoza bwino kuposa zonse pa mayesowa, 0 yeniyeni. Mercury amaundana pa -38.8, ndiye vuto lake si limenelo. Choyamba, manambala ake akuyambira pa -10, monga zimakhalira ndi zambiri za m'malabu. Chachiwiri, itasweka m'tenti yotseka, ndiye kuti ndigona ndikupuma poizoni, ndipo timadontho take timadya aluminiyamu, chitsulo cha mapoto anga ndi mapaipi a tenti. Ndaibwezera m'kabokosi kake, ikhala pakhomo yoyezera zinzake.

Mayeso achiwiri ndinakachitira ku Chibavi, kwa mayi ena ogulitsa nkhuku zoundana omwe timapemphera limodzi. Nditawafotokozera anati, "Ikanimo achimwene, koma musamatsegule pafupipafupi, magetsi ake mukuwadziwa." Firiji youndanitsa ikamagwira bwino imakhala cha m'ma -18. Ndinasiyamo ziwiri zotsalazo, ya sipiliti ndi ya batire, usiku wonse, zitapachikidwa pa kachingwe kuti zisakhudze nkhuku kapena khoma la firiji.

M'mawa ya sipiliti yofiira inali pa -17, yooneka bwinobwino ngati palibe chachitika. Sipiliti yake saundana mpaka kupitirira -100, ndipo manambala a yangayi amatsika mpaka -50. Chomwe ndaphunzira n'chakuti uiwerenge msanga, usanaipumire mpweya, ndipo uigwire kumutu osati kumunsi kuli kathumba kofiira. Ndinachedwa pang'ono kufuna magalasi, mzere unali utakwera kale madigiri awiri.

Ya batire yatsopano, yokhala ndi kawaya kotulutsa panja, inandidabwitsa. Sabata yatha ndi mabatire wamba a alkaline inafooka usiku usanathe. Ulendo uno ndinaikamo a lithium, omwe pa paketi yake amalemba kuti amagwira mpaka -40, ndipo inagona m'firiji n'kudzuka ili moyo. Manambala ankachedwabe kusintha, chifukwa timadzi ta m'kagalasi kake timalemera kukazizira, koma ankawerengeka. Ubwino wake waukulu ndi woti imasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku wonse. Inasunga -19. Ya sipiliti singachite zimenezo, imangokuuza za nthawi yomwe waiyang'ana, pomwe kuzizira kwenikweni kumafika mbandakucha munthu uli m'tulo.

Ndinayesanso ayezi wosakaniza ndi mchere wambiri, yemwe amatha kutsika mpaka -21. Ine ndinangofika pa -16, ndikuganiza kuti ayezi sindinamuphwanye mokwanira. Ziwirizo zinagwirizana, zinasiyana ndi digiri imodzi yokha.

Kulimba ndiye kwandidyera nthawi. Loweruka ndinaika ya sipiliti m'chikwama, yogona cham'mbali, n'kukwera minibasi mpaka ku Rumphi ndi kubwerako. Pofika kunyumba mzere wofiira unali utaduka pawiri, kachidutswa katatsalira m'mwamba. Zikatero imawerenga molakwa osakuchenjeza. Ndinaigwira kumutu, kathumba kataloza pansi, n'kuikupiza mwamphamvu kangapo mpaka mzere unalumikizana. Ngati tala wa ku Rumphi wachita zimenezi, nanga msewu wafumbi wopita pa geti ya Thazima yolowera ku Nyika? Ndiye ndadula kapaipi ka PVC kotalika ngati chikhatho ndi theka, ndaboola timabowo kumunsi kuti mphepo izilowa, ndasema kawindo kowerengera, ndipo mkati ndaikamo siponji ya matiresi akale kumutu ndi pakati. M'chikwama izikhala choimirira, m'thumba la m'mbali. Ndaigwetsa katatu pa simenti kuchokera m'chiuno, galasi lili bwino.

Ndatsimikiza kuti ya sipiliti ndiyo yaikulu, nambala yake ndiyo izilowa m'kope. Ya batire ipita ngati wothandizira wa usiku, kawaya kake panja, kabokosi kake m'tenti. Chatsala n'kupeza mopachikira panja, kutali ndi tenti, mwala ndi dzuwa, chifukwa kumtunda kulibe mitengo. Ndikuganiza zomangirira kachingwe pa ndodo yoyendera yozikidwa pansi. Ndikayesa zimenezi ku Chikangawa kumapeto a mwezi uno, kenako ku Chelinda chisanu chikayamba.