Dziko la amonke okhaokha lingalowe bwanji mu Olimpiki?

Tiyerekeze kuti mlembi wa kuno ku Mzuzu wapeka dziko la amonke okhaokha pamwamba pa mapiri a Viphya, kumene nkhungu imakuta mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera, ndipo akufuna kuti dzikolo likhale ndi komiti yake ya Olimpiki. Kuti owerenga akhulupirire, mlembiyo adziwe pomwe komiti yotere ingapunthwe.

Bungwe la IOC, loyang'anira Olimpiki padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Lausanne ku Switzerland, kuyambira 1996 limangolandira komiti za maiko odziyimira paokha amene maiko ena amawavomereza. Phiri la Athos lili ndi nyumba 20 za amonke zodziyendetsera zokha, koma lili pansi pa Greece, choncho khomo ndi lotseka.

Ufulu ukapezeka, pamafunika mabungwe osachepera asanu a masewero a Olimpiki, lililonse lolembedwa ku bungwe loyang'anira seweroli padziko lonse. Apa ndi pamene Vatican idakali panjira. Athletica Vaticana, gulu la masewero la Vatican, idakhazikitsidwa mu 2019, UCI, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, idalandira bungwe lawo la njinga mu 2021, ndipo mu 2022 Rien Schuurhuis adapalasira Vatican njinga pa mpikisano wa padziko lonse ku Wollongong, ku Australia. Komabe mpaka pano Vatican ilibe komiti yovomerezeka ndi IOC.

Nkhani ya unzika ndiyo yovuta kuposa zonse, ndipo olemba ambiri saiganizira. Wopikisana ayenera kukhala nzika ya dzikolo. M'dziko la amonke simubadwa ana. Aliyense amalowa atakula, atabadwira kwina. Ngati mmonkeyo adayimirirapo dziko lake lakale pa mpikisano waukulu, lamulo limati adikire zaka zitatu asanavale yunifomu yatsopano.

Nanga amayi? Ku Athos mkazi saloledwa kupondako. Malamulo a Olimpiki amakana tsankho lotengera kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ku London mu 2012 Saudi Arabia, Qatar ndi Brunei adatumiza akazi koyamba. Mlembi asankhe: kapena dzikolo likhale ndi masisitere, kapena mkanganowo ukhale mtima wa nthanoyo. Ine ndingasankhe chachiwirichi.

Palinso mkulu wa amonke. Amonke amalumbira kumvera, pamene IOC imafuna komiti yosalamulidwa ndi boma, yosankha atsogoleri ake mwa voti. Kuwait idaimitsidwa mu 2015 chifukwa boma lidalowerera, ndipo osewera ake ku Rio mu 2016 adapikisana pansi pa mbendera ya Olimpiki. Mkulu wa amonke akangoloza chala kuti wapampando akhale uje, chilango ndi chomwecho.

Zonsezi zikatheka, mmonke wa m'nthanoyo safunika kukhala katswiri wa dziko lonse. Pa zothamanga ndi zosambira pali malo apadera a maiko amene alibe aliyense wofika pa mulingo, ndipo mmonke wothamanga mamita 100 angalowere pamenepo.